Kompyuta yoziziritsidwa ndi madzi ikayambanso kutentha: kupeza pamene pagona vuto

Dandaulo limene limamveka kawirikawiri kwa anthu amene anadzimangira okha njira yoziziritsira kompyuta ndi madzi ndi lakuti makina amayenda bwino miyezi yoyamba, kenako kutentha kumakwera pang'onopang'ono mpaka purosesa imayamba kudzichepetsera liwiro ntchito ili m'kati. Mwini wake amasintha thermal paste (phala lopaka pakati pa purosesa ndi choziziritsira chake), amawonjezera madzi m'kathanki, amakweza liwiro la mafani, ndipo zinthu zimaoneka ngati zakonzeka kwa kanthawi, koma posakhalitsa nambala zimabwerera pomwe zinali. Kuno ku Kasungu vutoli limagwera kwambiri amene amakonza makanema a maukwati, a zinkhoswe ndi a makwaya, chifukwa makina awo amasenza ntchito yolemera kwa maola ambiri osapuma, ndipo miyezi imene maukwati amachuluka ndi yomweyo imene dzuwa limaswa mtengo.

Vutoli limabwerezabwereza chifukwa anthu ambiri amayang'ana nambala imodzi yokha, ya kutentha kwa purosesa, pamene nambalayo payokha singakuuzeni chimene chalakwika. Kutentha kumatuluka m'magawo awiri. Kumachoka mu purosesa kapena mu graphics card n'kulowa m'madzi kudzera pa block, chitsulo chokhala pamwamba pake chimene madzi amadutsamo, kenako kumachoka m'madzimo n'kulowa mu mpweya wa m'chipinda kudzera pa rediyeta. Mukufunika tsono nambala zitatu, ya mpweya wa m'chipinda, ya madzi ndi ya purosesa, ndipo chimene chimaulula vuto ndi mipata iwiri ya pakati pa nambalazo. Mpata wa pakati pa madzi ndi chipinda ukakula, fufuzani ku rediyeta, ku mafani ndi ku bokosi la kompyuta. Mpata wa pakati pa purosesa ndi madzi ukakula, fufuzani pa block ndi pa kayendedwe ka madzi. Mipata yonse ikakhala monga inalili kale koma purosesa n'kumaonetsa nambala yokwera, makina alibe vuto, chasintha ndi nyengo.

Kayezedwe kake

Kutentha kwa madzi kumayezedwa ndi kasensa kooneka ngati chotsekera, kamene kamamangidwa pa bowo lililonse la G1/4 (muyeso wa mazinga a mabowo a zipangizozi) lotsala pa rediyeta kapena pa kathanki, ndipo waya wake wa mapini awiri umalowa pa motherboard pamene palembedwa T_SENSOR, ngati motherboard yanu ili ndi malo oterowo. Ngati ilibe, alipo masensa obwera ndi kagalasi kawokawo koonetsa nambala, komanso timakina towongolera mafani monga Quadro ya Aqua Computer. Kasensaka n'kotsika mtengo kuposa pafupifupi china chilichonse m'bokosimo, komabe ndi kamene anthu amakonda kudumpha pogula katundu, ndipo kwa ine kumanga popanda iko n'kudzimana njira yodalirika yodziwira zimene zikuchitika m'kati. Ngati simunakapeze, matani nsonga ya thermometer ya waya pa chitsulo cha kumapeto kwa rediyeta, pafupi ndi pamene madzi amalowera, n'kuphimbapo ndi tepi. Nambala yake idzachepera pang'ono poyerekeza ndi yeniyeni, koma ikwanira poyambira. Kutentha kwa chipinda muyezere pamene mafani amakokera mpweya, osati pawindo. Za purosesa ndi graphics card muzione mu pulogalamu ya HWiNFO64, imene imaonetsanso mawati amene chipangizo chilichonse chikudya.

Muziyeza makina ali pa ntchito yolemera, kaya ndi mapulogalamu oyesera monga Cinebench ndi FurMark kapena kanema weniweni amene mukutulutsa, ndipo muwasiye kwa mphindi zosachepera 30, chifukwa madzi amachedwa kutentha ndipo nambala za mphindi zoyambirira zimanamiza. Lembani m'kope nambala zitatuzo pamodzi ndi mawati ndi tsiku lake. Mpata woyenera umasiyana malinga ndi mtundu wa purosesa, choncho chimene mudzayerekezere nacho m'tsogolo ndi zimene munalemba makina ali atsopano kapena atangotsukidwa.

Musanamasule kanthu, yambani mwaona ngati mlandu si wa nyengo. Madzi a mu rediyeta sangazizire kuposa mpweya umene ukuwomba rediyetayo, ngakhale itakula chotani. Tiyerekeze kuti munamanga makina mu Juni, m'chipinda muli madigiri 19, madzi ali madigiri 12 pamwamba pa chipinda, ndipo purosesa ili madigiri 40 pamwamba pa madzi. Purosesayo ikhala pa 71. Pofika Okutobala, pamene masana kuno kumapitirira madigiri 30, chipinda cha malata chopanda siling'i chikhoza kufika pa 35, ndipo makina omwewo, opanda chilema chilichonse, aonetsa 87. Dziwaninso kuti kutentha konse kotuluka mu rediyeta kumatsalira m'chipinda momwemo, moti kashopu kakang'ono kotseka mawindo poopa fumbi kamatenthera pamene kompyuta yodya mawati 500 yakhala ikugwira ntchito kuyambira m'mawa. Mapurosesa a masiku ano anapangidwanso kuti azipirira kutentha kwakukulu: ambiri a Ryzen 7000 amaloledwa kufika madigiri 95, ndipo malire a Core i9-13900K ya Intel ndi 100. Nambala ya m'ma 80 mu Okutobala, mipata isanasinthe, si chifukwa chomasulira mapaipi. Ena amaganiza zothira madzi a mufiriji kapena kuviika rediyeta m'beseni la ayezi, koma madzi akazizira kuposa mpweya wa m'chipinda, chinyezi chimasanduka timadontho pa mapaipi ndi pa block, makamaka m'dzinja, ndipo timadonthoto timagwera pa motherboard.

Madzi akatentha kwambiri kuposa chipinda

Pa makina okonzedwa bwino, madzi amakhala madigiri pafupifupi 10 pamwamba pa chipinda panthawi ya ntchito yolemera, ndipo mpata wa 15 ndi wopiririka. Ukafika 20 m'chipinda chotentha kale, madzi akuyandikira malire a zipangizo zenizenizo. Pampu yoyendetsa madzi ya mtundu wa D5 inapangidwira madzi osapitirira madigiri 60, ndipo mapaipi olimba a pulasitiki ya PETG amayamba kufewa ndi kupindika m'mafitingi (zolumikizira mapaipi) madzi akakhala otentha kwa nthawi yaitali, moti akhoza kuvuka. Ndi bwino kuti madzi asapitirire kwambiri 45, ngakhale masana a Novembala mvula isanagwe.

Mpatawu ukakhala kuti unali wabwino poyamba koma ukukula mwezi ndi mwezi, wolakwa woyamba ndi fumbi. Kuyambira Ogasiti mpaka mvula yoyamba, mphepo imanyamula fumbi la m'misewu ndi phulusa la tchire lotenthedwa, ndipo zonsezi zimathera pa timapepala tachitsulo ta rediyeta. Chonyenga n'chakuti mafani akamangidwa mokankhira mpweya mu rediyeta, fumbi limaunjikana pakati pa fani ndi rediyeta pamene maso safika, moti munthu amasuzumira kunja n'kuona poyera, pamene m'kati muli chimkute chotseka njira. Muyenera kumasula mafani kuti muone nkhope ya rediyeta. Ipemerereni ndi blower yamagetsi kuchokera mbali imene mpweya umatulukira, mutagwira mapiko a fani iliyonse imene yatsala kuti asazungulire. Kompuresa ya kugalaja kapena ya opopa matayala musaigwiritse ntchito pafupi, chifukwa mpweya wake umatuluka ndi madzi ndi mafuta, ndipo mphamvu yake imapinda timapepalato. Ngati malo alola, mangani mafani mbali inayo kuti azikoka mpweya kudutsa mu rediyeta, chifukwa fumbi lidzatsalira pa nkhope yoonekera imene mungaipukute ndi burashi osamasula kanthu. Masefa a fumbi muziwatsuka sabata iliyonse m'chilimwe, ndipo bokosi lichoke pansi likhale pa tebulo.

Yang'ananinso mu BIOS (pulogalamu ya m'kati mwa motherboard yosunga madongosolo a makina) ngati mafani akutsatirabe dongosolo limene munaika. Kabatire ka CR2032 ka pa motherboard kakatha, BIOS imaiwala zimene munaiuza nthawi iliyonse magetsi akathima, ndipo mafani amabwerera ku liwiro la kufakitale, zimene zimaoneka ngati vuto lobwera lokha n'kuchoka lokha. Mafani a rediyeta azitsatira kutentha kwa madzi, osati kwa purosesa, popeza purosesa imalumpha ndi madigiri ambiri pa sekondi imodzi pamene madzi sanasinthe n'komwe.

Mpata ukakhala waukulu kuyambira tsiku loyamba, vuto linabadwa pokonza mapulani. Lamulo limene omanga ambiri amatsatira ndi lakuti malo a fani imodzi ya mamilimita 120 pa rediyeta azisenza mawati pafupifupi 100 ngati mukufuna mafani osasokosa, ndipo kwa ife amene zipinda zathu zimatentha n'kwanzeru kuwonjezerapo. Purosesa ya Ryzen 7 5800X imadya mpaka mawati 142 ndipo graphics card ya RTX 3080 imadya 320, kuphatikiza zikupitirira 460, choncho rediyeta imodzi ya 360 (ya mafani atatu) ikuchepa, pakufunika ina ya 240 (ya mafani awiri) pambali pake. Core i9-13900K pa mawati 253 pamodzi ndi RTX 4090 pa 450 zikupitirira 700, ndipo pamenepo marediyeta awiri a 360 ndiye poyambira chabe. Kunenepa kwa rediyeta sikulowa m'malo mwa kukula kwa nkhope yake. Ya mamilimita 60 siziziritsa kawiri kuposa ya 30, ndipo imafuna mafani othamanga kwambiri kuti mpweya udutse.

Bokosi lenilenilo limapha makina ambiri. Kuti mudziwe ngati lanu likutsamwitsa rediyeta, chotsani chitseko cha kutsogolo ndi cha pamwamba, mubwereze kuyeza kuja. Madzi akatsika ndi madigiri anayi kapena asanu, rediyeta ilibe mlandu, galasi lokongola la kutsogolo ndi limene likuimana mpweya, ndipo mankhwala ake ndi bokosi la nkhope ya timabowo. Onaninso ngati rediyeta ya kutsogolo ikuponyera mpweya wake wotentha mu rediyeta ya pamwamba, chifukwa pamenepo yachiwiriyo ikugwira ntchito yochepa kuposa kukula kwake. Nthawi zambiri zimathandiza kuti onse awiri azikoka mpweya wa kunja, wotenthawo uzitulukira kumbuyo. Musanaitanitse rediyeta ina, dulani katoni molingana ndi muyeso wake muyesere m'bokosi. Ya 360 imatalika pafupifupi mamilimita 400 chifukwa cha mitu yake ya kumapeto, ndipo ya mamilimita 30 pamodzi ndi fani ya 25 imadya mamilimita 55, amene pamwamba akhoza kugunda RAM, ndipo kutsogolo akhoza kulanda malo a graphics card ndi a pampu. Zimene zalembedwa pa bokosi zakuti limalandira 360 sizinena za mafitingi amene adzatuluke pa mitu ija. Katundu wochokera ku Johannesburg kapena ku China akafika n'kukana kulowa, kumubweza n'kovuta. Gwiritsaninso ntchito masikuluwu amene anabwera ndi rediyetayo, popeza otalika pang'ono amaboola njira za madzi.

Madzi ali bwino koma purosesa ikutentha

Apa funso loyamba ndi lakuti mpata wakula pa chipangizo chimodzi kapena pa zonse ziwiri. Purosesa ndi graphics card zikakwera limodzi, madzi sakuyenda mokwanira. Chikakwera chimodzi, vuto lili pa block yake. Gwirani ndi dzanja fitingi yolowera ndi yotulukira pa rediyeta makina ali pa ntchito. Madzi akamayenda bwino simuyenera kumva kusiyana kwenikweni, chifukwa pa malita 200 pa ola, mawati 400 amatenthetsa madzi ndi madigiri osakwana awiri pa kuzungulira kumodzi. Mukamva mbali ina yotentha ina yozizira, madzi akukwawa. Masamu omwewa akusonyezanso kuti mkangano wakuti rediyeta ikhale patsogolo pa purosesa kapena pambuyo pake ulibe phindu. Lamulo lokhalo ndi lakuti kathanki kakhale pamwamba pa pampu n'kumaithira madzi mwachindunji.

Mpweya wotsekeredwa umadziwika ndi phokoso la kuchucha kapena la kukhuluza mu pampu. Pouchotsa, dzazani kathanki, mutseke chivindikiro, muyatse pampu pa liwiro lonse, mupendeketse bokosi mbali zonse mosamala kuti pampu isamwe mpweya, kenako muzithimitsa ndi kuyatsa kangapo kuti timathovu ting'onoting'ono tisonkhane n'kutuluka. Ukamabwereranso patapita masiku, onani ngati madzi obwerera m'kathanki akugwa kuchokera pamwamba n'kumachita thovu, kapena ngati atsika kwambiri moti pampu ikupanga kamvuluvulu n'kumakoka mpweya. Kapaipi kakang'ono kotsitsira madzi obwerera pansi pa mlingo kamathetsa loyambalo, ndipo kudzaza kathanki ndi kutsitsa liwiro pang'ono kumathetsa lachiwiri.

Liwiro la pampu limaoneka mu HWiNFO64 ngati waya wake walumikizidwa pa motherboard. D5 imazungulira maulendo a pakati pa 1800 ndi 4800 pa mphindi, ndipo ndi bwino kuiika pa liwiro limodzi losasintha kusiyana ndi kuilola kutsika ndi kukwera pamodzi ndi mafani. Pampu ya mtundu wina, ya DDC, ndi yaing'ono ndipo imakankha mwamphamvu, koma imatayira kutentha kwake mu mpweya, choncho ikabisidwa pakona yopanda mphepo imatopa msanga. Mapampu onse awiri amatsetsereka pa kampira ka ceramic kamene mafuta ake ndi madzi omwewo, ndipo kuwayendetsa ouma ngakhale kwa kanthawi kochepa kumawawononga. Nambala ya liwiro ikamadumphadumpha, yambani ndi pulagi ya Molex kapena ya SATA imene imapatsa pampu magetsi, chifukwa imakonda kukhwepa.

Pali vuto lina lobisika limene limafanana kwambiri ndi dandaulo la kutentha kobwerera. Paipi yofewa yokhotetsedwa kwambiri imaoneka bwino ili yozizira, koma madzi akatentha imafewa n'kupindika pa ngodyayo, madzi n'kuchepa, ndipo ikazizira imawongokanso pang'ono moti m'mawa simuona kanthu. Muiyang'ane makina atagwira ntchito kwa ola lathunthu. Paipi ya 10/13 (mamilimita 10 m'kati, 13 kunja) imapindika msanga kuposa ya 10/16 chifukwa khungu lake n'lopyapyala, ndipo pa ngodya yothina fitingi ya madigiri 45 kapena 90 ndi imene iyenera kukhota m'malo mwa paipi.

Block ya purosesa ndiyo malo othina kuposa onse. M'kati mwake muli timizere tamkuwa totalikirana mosakwana theka la milimita, ndipo timagwira chilichonse choyandama m'madzi monga sefa imatsekekera ndi ufa wachinyezi. Tulutsani madzi, mumasule block, mutsuke timizereto ndi mswachi wofewa ndi madzi oyera. Sipiriti isakhudze chivindikiro cha acrylic chifukwa imachichititsa ming'alu, ndipo viniga asakhudze block yokutidwa ndi nickel chifukwa amasupula. Pobwezera, onetsetsani kuti kachitsulo kolondolera madzi kayang'ana monga kanalili, mphira ya O-ring yakhala mu mzere wake, ndipo paipi yolowera ili pa bowo lolembedwa IN. Mangani masikuluwu modumphitsa ngodya, pang'onopang'ono, kuti block ikhale mofanana. Pa graphics card, thermal paste yamadzimadzi imakankhidwira m'mbali chifukwa cha kutentha ndi kuzizira kobwerezabwereza, ndipo n'chifukwa chake kusintha paste kumathandiza kwa kanthawi chabe. Paste yolimbirapo kapena kapepala ka PTM7950 ka Honeywell zimakhalitsa.

Zimene zili m'madzimo

Kutsuka block kumabwezeretsa nambala, koma ngati gwero la zinyalala silinapezeke mudzatsukanso pakapita miyezi yowerengeka. Musataye zimene mwachotsazo musanaziyang'anitsitse, chifukwa maonekedwe ake amanena kumene zachokera. Zoyera zonanda, pamodzi ndi mapaipi amene achita chifunga, ndi mankhwala ofewetsera pulasitiki amene amatuluka m'mapaipi oonekera a PVC, ndipo madzi otentha amawatulutsa msanga. Mapaipi akuda a EPDM alibe mankhwala amenewa. Zobiriwira zoterera ndi ndere, zimene zimamera m'madzi opanda mankhwala ophera tizilombo, makamaka bokosi lagalasi likamawombedwa ndi dzuwa la pawindo. Tizidutswa takuda kapena tofiirira pa makina atsopano ndi zotsalira za kuwotcherera m'kati mwa rediyeta imene sinatsukidwe isanamangidwe. Rediyeta yatsopano iliyonse ithiridwe madzi oyera ofunda, ikhutchumulidwe, atayidwe, mpaka otuluka akhale opanda kanthu. Madzi amitundu osaonekera m'kati, amene amakongola pa zithunzi, ali ndi tinthu tolimba timene timakhazikika mu block, ndipo pa makina ogwirira ntchito ine sindiwalimbikitsa.

Ufa wotuwa kapena woyera, pamodzi ndi timaenje pa chitsulo, ndiye chizindikiro choipa kuposa zonse, chifukwa chikutanthauza kuti mwasakaniza aluminiyamu ndi mkuwa. Zitsulo ziwirizi zikakhala m'madzi amodzi, aluminiyamu imadyeka pang'onopang'ono mpaka kubooka. Mkuwa, brass, nickel ndi stainless steel zimakhalira limodzi bwino, koma aluminiyamu imayenera kukhala ndi aluminiyamu inzake yokha. Msampha uli pa marediyeta otsika mtengo, pa marediyeta ochotsedwa ku ma cooler omata kale a AIO, amene ambiri ndi a aluminiyamu, ndiponso pa marediyeta a njinga zamoto kapena a galimoto amene amisiri ena aluso amayesa kulumikiza. Maginito sangakuthandizeni chifukwa sagwira zonse ziwiri. Unikani ndi tochi m'bowo la rediyeta: mkuwa ndi brass zimaoneka zofiirira kapena zachikasu, aluminiyamu imaoneka yotuwa, ndipo rediyeta yake imapepuka modabwitsa. Mukaipeza, ichoke, palibe mankhwala amene ndingawadalire kwa zaka.

Madzi a pa mjigo, a pachitsime ndi a pampopi ali ndi mchere umene umasiya zoyera zolimba mu block. Kuwawiritsa kumapha tizilombo koma mcherewo umatsala, ndipo madzi akumwa a m'mabotolo nawonso ali ndi mchere wawo. Ofunika ndi madzi osungunulidwa ku nthunzi kapena ochotsedwa mchere, amene kuno amapezeka mosavuta m'mashopu a zida za galimoto pa dzina la madzi a batire. Pogula muwerenge botolo, chifukwa pa shelefu yomweyo pamakhalanso asidi wa batire, amene angawononge makina onse tsiku limodzi. Botolo likhale lomata, ndipo ngati mukukayika, donthezerani pang'ono pa galasi loyera muumitse padzuwa. Madzi enieni sasiya mkombero. Kachipangizo koyezera TDS, kuchuluka kwa mchere wosungunuka m'madzi, kayenera kuonetsa nambala yoyandikira ziro.

Madzi oyerawo paokha sakwanira, chifukwa alibe choletsa ndere ndi choletsa kudyeka kwa zitsulo. Mankhwala okhathamira ndi osavuta kuitanitsa kuposa osakaniza kale popeza ndi opepuka: botolo la mamililita 100 la EK-CryoFuel limasakanizidwa ndi mamililita 900 a madzi n'kukhala lita imodzi. Pamene palibiretu, coolant ya galimoto yothiridwa gawo limodzi pa magawo asanu ndi anayi a madzi oyera imagwira ntchito pa mapaipi ofewa, koma isalowe m'mapaipi a PETG, ndipo isungidwe kutali ndi ana ndi ziweto chifukwa ndi poizoni wotsekemera. Musasakanize mankhwala a mitundu iwiri, ndipo kawaya ka siliva kamene ena amaponya m'kathanki kasakumane ndi block ya nickel. Madzi azisinthidwa kamodzi pa chaka, kapena kawiri ngati makina sapuma, ndipo nthawi yabwino kuno ndi Ogasiti, kutentha kusanafike.

Madzi akamachepa m'kathanki

Kutsika kwa sabata yoyamba ndi mpweya umene ukutuluka, ndipo kutsika kwapang'ono kwambiri pa miyezi ingapo ndi nthunzi yodutsa m'khungu la mapaipi ofewa. Kutsika koonekera pa masiku ochepa ndi kudontha. Kulungani tishu pa fitingi iliyonse, muyang'anenso timadontho touma pa graphics card ndi pansi pa bokosi. Mafitingi a G1/4 amatseka ndi mphira ya O-ring, osati ndi mazinga, choncho tepi yoyera ya mapulamba ilibe ntchito pano ndipo tizidutswa take timakathera mu block. Amangidwe ndi dzanja basi, popeza sipanala imang'amba acrylic. Mafitingi ozungulira amadontha paipi ikamawakokera kumbali, ndipo fitingi ya 10/16 singagwire paipi ya 10/13.

Njira yodziwika yoyesera ngati pali podontha ndi kuzula mawaya onse a magetsi pa motherboard ndi pa graphics card, kulumikiza pini 16 ya pulagi ya mapini 24 ku pini ya ground kuti power supply iyake yokha, n'kusiya pampu ikuzungulira kwa maola 12 mpaka 24. Mawaya ambiri a masiku ano ndi akuda onse, wa pini 16 amene ankakhala wobiriwira saonekanso, choncho gulani kapulagi kopangidwira ntchitoyi m'malo mongopenekera ndi kawaya. Kwa ife amene magetsi akhoza kuthima pakati pa usiku, kapampu kamanja koyesera ndi mpweya n'kabwino kwambiri. Mumapopa mpweya m'mapaipi ouma mpaka pafupifupi theka la bar, osapitirira zimene wopanga analemba, n'kudikira mphindi 15, ndipo singano ikatsika pali pobooka, madzi asanalowe n'komwe.

Kuthima kwa magetsi pakokha sikuwotcha purosesa, chifukwa pampu ndi purosesa zimaima nthawi imodzi. Choopsa ndi kompyuta yoikidwa kuti izidziyatsa magetsi akabwera, inu palibe, pampu n'kukana kudzuka. Lumikizani waya wa liwiro la pampu pa CPU_FAN kuti BIOS ichenjeze ikaona kuti pampu sikuzungulira. Pogula UPS muwerenge mawati osati VA yokha, popeza ya 650 VA nthawi zambiri imasenza mawati osakwana 400. Ngati makina akuyenda ulendo, kaya pa kabaza kupita ku holo kapena pa minibasi ya pa M1 kupita ku Lilongwe, tulutsani madzi onse, ndipo graphics card yolemera ndi block ichotsedwe kapena ichirikizidwe, chifukwa mabampu amavula mapaipi olimba m'mafitingi. Makina oyendayenda amangidwe ndi mapaipi ofewa.

Mukafika pomasula zonse kuti mumangenso, ikani kampopi kotulutsira madzi pamalo otsika kuposa onse ndi bowo lothirira pamalo okwera kuposa onse, chifukwa makina ovuta kukhuthula ndi amene eni ake amazengereza kutsuka mpaka atatsekeka. Ganiziraninso zochepetsa kutentha pa gwero pake. Eco Mode pa Ryzen, malire a mawati mu BIOS pa Intel, ndi kutsitsa mphamvu ya graphics card kufika pa 80 peresenti mu MSI Afterburner zimachotsa mawati ambiri pamene liwiro la ntchito limatsika pang'ono chabe, ndipo m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala zimenezi zikhoza kulowa m'malo mwa rediyeta ina. Poitanitsa katundu onjezeranimo mafitingi awiri kapena atatu apadera, mphira za O-ring, paipi yotsala ndi botolo lina la mankhwala. Ngati kompyutayo ndi imene imakudyetsani, sungani cooler ya mpweya ya purosesa pamodzi ndi cooler yoyambirira ya graphics card, masikuluwu ake onse ali m'kathumba kolembedwa, chifukwa pampu ya D5 si chinthu chimene mungayembekezere kuchipeza pa shelefu pa boma pano, ndipo makanema a anthu ayenera kutuluka pamene yatsopano ili m'njira.